Dzanja Lomaliza la Fundi Bakali

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, msinkhu umene anzanga anali atayamba kale kudandaula za msana. Kwathu ndi ku Malindi, banja la asodzi, koma ine nyanja inandikana ndili wamng'ono. Ndikangokwera bwato mutu unkazungulira, ndipo zonse zimene ndadya m'mawa ndinkazibweza m'madzi. Bambo anga ankati pagombe lonse ndine ndekha msodzi wodyetsa nsomba m'malo mozigwira.

Sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga manyuzipepala okulungira usipa, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, ndi mabuku opanda zikuto amene amayalidwa pansi kumsika. Mwa mabukuwo munali lina lonenepa la zamagalimoto, lothothoka masamba oyamba. Ndinaliloweza ngati katekisimu, chonsecho sipanala ndinali ndisanaigwirepo.

Tsiku lina ndili pa Mangochi Boma, ndinakhala pakhonde la sitolo ya zipangizo zamagalimoto kudikira minibasi, buku lija lili pamiyendo. Panatulukira bambo wina wachikulire, kachipewa koyera kumutu, ovololo yakuda bii ndi oilo, atanyamula mabotolo awiri a oilo.

"Achimwene, tandionerani apa. Magalasi ndaiwala kunyumba. La otomatiki ndi liti?"

Ndinawalozera botololo. Kenako, poti munthu wowerenga sachedwa kudzionetsa, ndinayamba kuwafotokozera kusiyana kwa oilo wa injini ndi wa giyabokosi monga bukulo linanenera.

"Ndakufunsani botolo, mwandipatsa ulaliki," anatero. "Mumagwira kuti?"

"Palibe, abambo."

"Mawa mubwere kuseri kwa chigayo. Mufunse pa Fundi Bakali."

Galaja yawo inali chisakasa cha malata, dzenje limodzi lolowera kunsi kwa galimoto, ndi bokosi lachitsulo la zida. A Fundi anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Anawoloka nthawi ya nkhondo ali mnyamata, nakhala zaka zambiri ku Chiponde asanatsikire ku Boma. Pamene magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan anayamba kudzaza m'misewu, amakaniki ambiri ankaopa giyabokosi yopanda kilachi. Iwo sankaiopa. Kuchokera ku Makokola mpaka ku Namwera, munthu akati magiya a otomatiki akuvuta, yankho linali limodzi: pitani kwa Bakali. Analibe nyumba yaikulu kapena ng'ombe. Chuma chawo chonse chinali dzina limenelo.

Panatha masabata atatu ndisanazindikire kuti magalasi oiwalika kunyumba aja kunalibe. Matenda a shuga anali atawadya maso. Ankaona kuwala ndi zithunzithunzi, ngati munthu woyang'ana kudzera m'nsalu yonyowa, koma nambala ya pasipanala kapena mzere wa pa dipisitiki, kachitsulo koyezera oilo, sankauona. Sanandiuze, inenso sindinafunse. Tinangopeza njira yogwirira ntchito. Mwini galimoto akakhala pomwepo, a Fundi ankasolola dipisitiki, n'kundipatsa monyada, akunditchula dzina limene anandipatsa chifukwa chokonda kuwerenga.

"A Mabuku, tiyeni tione ngati sukulu yanu ikugwira. Mukuona chiyani?"

Ine ndinkanena mokweza: oilo wachepa, wada, muli tizitsulo. Iwo n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira. Anthu ankayesa akundiyesa mayeso. Ndinali wophunzira yekhayo m'Mangochi muno amene sankalephera funso, chifukwa wofunsayo yankho ankalimvera kwa ine.

Koma musaganize kuti ndinkawaposa. Mphuno ndi zala zawo zinkadziwa zimene buku langa silinalembe. Oilo wa otomatiki akakhala wabwino amafiira ngati madzi a chidede. Akapsa amada ndipo amanunkha ngati chimanga chopserera pamoto. A Fundi ankangomupaka pakati pa zala ziwiri, n'kununkhiza, n'kunena phiri limene galimotoyo inavutikapo.

Ntchito imene tinkaigwira kawirikawiri inali yoika karediyeta kapadera koziziritsira oiloyu, pamodzi ndi filita yake. Mdani wa giyabokosi ya otomatiki ndi kutentha. Oilo amatuluka m'giyabokosi kudzera m'payipi, amadutsa m'munsi mwa rediyeta kuti azizire, n'kubwerera kudzera m'payipi ina. Kumene anapanga magalimotowa mwina zimenezi zimakwana. Koma kuno, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kagalimoto ka anthu asanu katanyamula asanu ndi anayi ndi matumba padenga, kakawoloka mlatho wa Shire n'kuyamba kukwera mapiri a Chowe kulowera ku Namwera, oilo amachita kuwira. Magiya amayamba kuterereka, injini ikulira koma galimoto osapita.

Kagwiridwe kake nkotere. Umadikira injini izizire, n'kuchotsa bampala. Karediyeta kaja umakamangirira kutsogolo kwenikweni, pamene mphepo imayambira kuwomba, ndipo umaika timalabala pakati kuti zitsulo zisamakhulane. Kenako umafufuza payipi yobwezera oilo kugiyabokosi. Apa buku langa linali ndi chithunzi chokongola, koma a Fundi anachikana.

"Chithunzicho anajambula galimoto ya eni ake. Ifeyo tifunse galimoto ili panoyi."

Kufunsako ndiko kuzula payipi imodzi parediyeta, kulozetsa mbali zonse ziwiri m'mabotolo opanda kanthu, wina n'kuliza injini kamphindi n'kuzimitsa. Botolo limene lalandira oilo lakuuza kumene oilo akulowera. Ukadziwa zimenezo umalumikiza kuti oilo achoke m'rediyeta, alowe m'karediyeta katsopano, adutse m'filita, kenako abwerere kwawo. Filita ili ndi kamuvi pambali, ndipo kamuviko kayenera kuloza kugiyabokosi. Payipi ya labala umaidula mwamuyeso, isapindike, isayandikire ekizozi kapena fani.

Chotsala ndi makilampu, timalamba tachitsulo tomanga ndi sikuludiraiva. Kumapeto kwa kamlomo kachitsulo kalikonse kolowetsapo payipi kuli kamzere kotukuka, ngati mfundo ya nsungwi. Payipi iyenera kupitirira kamzereko, ndipo kilampu imakhala kumbuyo kwake. Ikakhala kutsogolo, kunsonga, imaoneka yolimba ndithu, koma palibe chimene yagwira. Oilo akatentha n'kuyamba kukankha ndi mphamvu, payipi imavuka ngati sokosi.

Pomaliza umawonjezera oilo, chifukwa karediyeta katsopano kamamwa wina. Umaliza injini, phazi lili pa buleki, n'kupititsa giya m'malo ake onse, n'kuyeza oilo atatentha. Ukatero umayendetsa galimoto mpaka pamlatho ndi kubwerera, n'kulowanso kunsi kukaona ngati pali podontha.

A Fundi anali ndi mwambo umodzi umene sankauphwanya. Ntchito yonse ndikhoza kugwira ine, koma kilampu yomaliza ankamanga okha, mwini galimoto akuona. Ankati dzanja lomaliza ndi la mwini galaja. Ndi pamenepo pamene anthu ankaonera kuti galimoto yawo yagwiridwa ndi Bakali. Ine ndinkaiika kilampuyo pamalo ake, iwo n'kutsikira m'dzenje, ine nditawaunikira ndi tochi, n'kuipeza ndi chala, n'kumanga. Tinachita zimenezi kwa chaka ndi miyezi, osaphonya.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachisanu. Galimoto inali ya Abiti Saidi, mayi wamasiye amene ankagula usipa wouma kunyanja n'kukagulitsa ku Chiponde. Galimotoyo anawasiyira ndi malemu amuna awo, amene anali mnzawo wa a Fundi kuyambira kale, ndipo ankaiyendetsa okha. Inali itayamba kuterereka pa Chowe. Anabwera nayo m'mawa itadzaza kale matumba, fungo la usipa lili thoo galaja yonse.

"A Mabuku, lero musawerenge kwambiri," anandiuza. "Msika wa mawa sudikira munthu wophunzira."

Ndinagwira ntchito bwino tsiku limenelo, ndinene ndekha poti palibe wina adzandinenere. Pofika cha m'ma leveni zonse zinali m'malo. Yotsala inali kilampu ya potulukira pa filita, pamalo opanikizika, kuseri kwa chitsulo. A Fundi anatsikira m'dzenje. Abiti Saidi ananjuta m'mphepete mwa dzenjelo, ndipo anyamata awiri a kabaza amene ankabisala dzuwa pachisakasa chathu anasuzumiranso.

Sikuludiraiva inakana kulowa bwino chifukwa cha chitsulo chija. A Fundi anaikankha kilampuyo ndi chala kuti apeze mpata. Inasuntha pang'ono chabe, mwina ngati m'lifupi mwa chala chaching'ono. Inalumpha kamzere kaja n'kukakhala kunsonga. Anamanga mpaka labala anatukuka.

"Yagwira," anatero.

Ndinaona. Tochi inali m'dzanja langa, maso anga anali pomwepo.

"Onani manja a anthu akale," Abiti Saidi ankauza anyamata aja. "Malemu ankati Bakali akhoza kumanga galimoto atatsinzina."

Anyamatawo anaseka. Ine ndinazimitsa tochi. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumuwongola pagulu, umadikira akhale yekha. Komanso kunena kuti kilampu yalumpha kunali kunena, pamaso pa anthu atatu, kuti a Fundi sakuona chimene manja awo akuchita. Anyamata a kabaza ndi wailesi yoyenda. Pofika madzulo Boma yonse ikanadziwa. Ndinadziuza kuti palibe vuto. A Fundi akapita kukasamba kukonzekera swala ya kumzikiti, ndilowa m'dzenje, ndimasula, ndibweza. Ntchito yosatha ndi mphindi ziwiri.

Tinathira oilo, tinaliza injini, tinayeza. Panalibe podontha, poti galimoto itangoima oilo sakankha kwambiri. Pomwepo kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Lachisanu.

"Kwerani a Fundi, ndikakutulani pamzikiti, ndi njira yanga yomweyo," anatero Abiti Saidi. "Zoyesa mpaka pamlatho zisiyeni. Mlathowo ndikawoloka ndekha, ndiye kuyesa kwake."

A Fundi anasamba m'manja pachidebe, anavula ovololo, n'kukwera kutsogolo. Ine ndinaima ndi sikuludiraiva m'thumba, ndikuyang'ana matumba a usipa akukhota pachigayo.

Nambala ya foni ya Abiti Saidi inali yolembedwa ndi choko pachitseko cha galaja. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Poyamba ndinati ndisaimbe, a Fundi akadali m'galimotomo, amva. Kenako ndinati mwina kilampuyo ikhoza kupirira ulendo umodzi, pobwerera ndidzapeza chifukwa choiyitanira. Ndipo ndinachita chimene munthu ngati ine amachita akagwidwa ndi mantha: ndinatsegula buku. Ndinafufuza tsamba lonena kuti kilampu ya kunsonga nthawi zina imagwira. Masamba analimo ambiri, koma londitonthoza munalibe. Pamene ndinaimba foni, inaitana katatu konse osayankhidwa. Munthu wokwera Chowe ndi katundu sagwira foni.

A Fundi atabwera kuchokera kumzikiti, sindinanenebe kanthu. Tinadya chinangwa chophika. Cha m'ma thuu koloko foni yawo inalira. Anamvetsera, kenako anangoti, "Tikubwera, mama."

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Titayamba chikweza, ndinaona mzere wofiira pa tala, woyamba ngati madontho, kenako wotakata ngati pamene aphera mbuzi. Unatitsogolera mpaka pakona ina yokhota kwambiri. Galimoto inali pambali, miyala kumatayala, matumba atatsitsidwa. Payipi itavuka, Abiti Saidi sakanatha kuima pomwepo. Panali potsetsereka, kumbuyo kwawo kukubwera lole. Anapondabe mafuta kufuna malo abwino, ndipo giyabokosi inayenda yopanda oilo mpaka inapsa. Fungo lake linatipeza tisanatsike njinga.

Panali pataima kale minibasi ina, ndipo dalaivala ndi kondakitala wake, anthu owadziwa bwino a Fundi, anali pomwepo ndi okwera angapo. A Fundi anagona chagada pamiyala yotentha ndi zovala zawo za kumzikiti, n'kulowetsa dzanja. Ndinaona chala chawo chikuyenda pa kamlomo ka filita, kenako pa payipi yolendewera. Kilampu inali ikadali yomangika nganganga kunsonga kwa labala. Anaigwira nthawi yaitali. Kamangidwe kawo ankakadziwa.

"Ndi wophunzira wanuyu, a Fundi," anatero dalaivala uja akundiloza. "Tinanena ife. Mabuku samanga galimoto."

"Eetu," kondakitala anavomera. "Munthu woopa bwato mukamupatsa giyabokosi?"

Ndinaweramitsa mutu. Kunena zoona ndinamva kupepukidwa. Mlanduwo unkandiyenera, ngakhale osati mwa njira imene iwo ankaganizira, ndipo ndikanausenza mosangalala. Dzina langa linalibe kulemera kulikonse. A Fundi akanangokhala chete, nkhani ikanathera pa ine.

Anatuluka kunsi kuja pang'onopang'ono, nakhala pansi, fumbi lili kumsana.

"Msiyeni," anatero. "Ntchito yake ilibe banga. Dzanja lomaliza ndi langa, ndipo Abiti anaona ndikumanga." Anapukuta zala pa mkanjo wawo woyera, n'kutembenukira kumene kunkamveka mawu a mayiwo. "Mama, ine maso anapita. Chaka chino n'chachiwiri. Nkhope yanu pano sindikuiona, ndikungomva kuti mwaima apo."

Minibasi inkangolira payokha. Abiti Saidi anakhala pa thumba la usipa, nawayang'ana kwa kanthawi. Sanakalipe, ndipo mwina zikanapepuka akanakalipa.

"Bakali," anatero motsitsa, "anzanu aja akanakhala moyo, mukanawabisiranso?"



Galimotoyo tinaikoka ndi lole ya munthu wina mpaka ku galaja. Usipa unapita ku Chiponde mawa lake pa minibasi, koma unakafika msika wabwino utadutsa. Kuseri kwa chisakasa chathu kunali giyabokosi ina yokutidwa ndi lona, imene a Fundi ankasungira kagalimoto kawo kamene ankati tsiku lina kadzawatengera kwawo. Anandiuza kuti ndiivundukule. Tinaiika m'galimoto ya Abiti Saidi masiku anayi. Iwo anakhala pa kireti, ine m'dzenje. Ankafunsabe kuti, "A Mabuku, mukuona chiyani?" koma tsopano panalibe womunamiza, ndipo funsolo linkamveka mwa mtundu wina. Makilampu onse ndinamanga ine. Womaliza nditamanga ndinawayang'ana, iwo anangogwedeza dzanja kuti pitirizani.

Abiti Saidi anadzatenga galimoto yawo, anathokoza mwaulemu, koma sanabwerenso. Enanso sanabwere. Palibe ananyoza. Anthu ankadutsa, kupereka moni, kufunsa za maso, kuwauza za chipatala chakuti ndi sing'anga wakuti, kenako n'kupititsa magalimoto awo kwina. Masiku ena tinkakhala kuyambira m'mawa mpaka chigayo kutseka, ine ndikuwawerengera nyuzipepala yakale. Mvula yoyamba itagwa, mwana wawo wamkazi wa ku Chiponde anatumiza uthenga kuti abwere azikakhala naye.

Tsiku lolongedza zida, ndinkapukuta masipanala n'kumawapatsa, iwo n'kumawaika m'bokosi motsatana kukula kwake, ndi zala zokha. Ndi pamenepo pamene ndinalimba mtima.

"A Fundi, kilampu ija ndinaiona. Ndinaona ikulumpha. Sindinanene."

Anapitiriza kusanja masipanala.

"Ndikudziwa. Tochi inanjenjemera."

"Munadziwa?"

"Kuwala ndimakuona, a Mabuku. Kunagwedezeka, ndinadziwa kuti mwaona kanthu. Ndinadikira kuti munene. Inu munadikira kuti anthu achoke. Ine kufunsa ndinachita manyazi." Anatseka bokosi. "Tonse awiri tinali kalikiliki kusunga munthu mmodzi, Bakali. Galimoto ya mayi uja inalibe woisunga."

Ndinalira, bambo wa ana awiri, nditagwira chiguduli cha oilo. Iwo anandisisita paphewa n'kunena kuti ndisiye, anthu angaganize kuti andichotsa ntchito, chonsecho ntchitoyo yatichotsa tonse.

Bokosi la zida anandisiyira. Anakhala ku Chiponde zaka ziwiri, ndipo ndinapitako kangapo kukawaona. Tsiku limene anamwalira, uthenga unandipeza masana ndili kunsi kwa galimoto ya munthu. Asilamu sachedwetsa maliro. Pamene ndimafika, anthu anali akubwerera kale kuchokera kumanda.

Lero ndili ndi kachisakasa kanga kufupi ndi msika, ndipo timarediyeta timeneti ndaika tambirimbiri. Ndikamanga kilampu ndimaikoka payipiyo ndi dzanja lonse, ngati ndikufuna kuizula, ndipo galimoto siichoka ndisanaiyese mpaka pamlatho, kaya mwini wake akuthamangira ukwati. Izo nzosavuta. Chovuta, chimene ndikuphunzirabe, ndicho kutsegula pakamwa nthawi yomweyo, anthu ali pomwepo. Ulemu umene ndinawapatsa a Fundi tsiku lija unali mantha ovala malaya abwino, ndipo anaulipira ndi mayi amene sanalakwe kanthu.

Mwezi wathawu mnzathu wina wachikulire, makaniki wa galaja yoyandikana nayo, anandiitana kuti ndimugwirire tochi. Mwini galimoto anali ataima pambali, wonyamula katundu wopita kumalire. Ndinaona kilampu itakhala kunsonga.

"Abambo," ndinatero, "kilampuyo yalumpha mzere."

Anandiyang'ana ndi diso loti ndani wakufunsa. Kenako anamasula, anaibweza kumbuyo, namanganso. Sanandilankhule sabata yathunthu. Galimotoyo inakafika ku Chiponde.